Zikhomo Zinayi za ku Linthipe

Nelia ankaanula matewera amene anayanika m'mawa, koma onse anali chinyowere ngati wangowachapa kumene. Linali tsiku lake lachinayi ku Mzuzu, mu Epulo wa 1956, ndipo dzuwa anali asanalione. Kamvula kowaza kankangogwa tsiku lonse, nkhungu n'kumatsika kuchokera m'minda ya mitengo ya tung mpaka pakhomo. Mwamuna wake Fyson, kalaliki wa boma, anamusamutsa kuchokera ku Dedza, ndipo anabwera pa lole ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Hilda, wa miyezi isanu. Nelia ankalira mumtima. Madzi a kuno ankamumvekera achilendo, chinenero chachilendo, ngakhale nyumba imene anawapatsa ku malaini a antchito a boma inali yachilendo: yaitali, ya njerwa ndi malata, yogawidwa pakati ndi chipupa kuti mukhale mabanja awiri.

"Monire, anyina Hilda," anatero mayi wina akukwera kuchokera kunyumba yakumunsi, mwana ali kumsana. Ameneyu anali Tamara NyaMsiska, mkazi wa dalaivala, yemwe anamulozera Nelia kuchitsime tsiku loyamba lija. "Kuno matewera sauma panja yayi. Muziyanika m'nyumba, pafupi na moto. Ndipo mwana muzilowa naye dzuwa lisanalowe."

"Chifukwa cha kuzizira?"

Tamara anasuzumira uku ndi uku, n'kukonza nsalu imene anaberekera Amos wake.

"Ku Mchengautuwa ayika ana atatu chiyambire Khirisimasi. Ku Msongwe awiri. Mwana agona makora, m'mawa kulibe. Fisi akuseka kufupi na manda, ndipo manda akumapezeka atatitimira."

Nkhaniyi isanathe, chitseko cha mbali inayo ya nyumba chinatseguka, n'kutuluka mayi Keziya atanyamula mtolo wa nkhuni zouma. Anali mayi wonenepa, wa khungu losalala, woseka ndi thupi lonse. Kwawo palibe ankakudziwa bwino. Ena ankati kunyanja, ena ankati kutsidya kwa malire, chifukwa zinenero zonse zinkawakhala pakamwa. Amuna awo a Meckson anali mesenjala, ndipo ana analibe.

"Musamuopseze mlendo," anatero akuika nkhunizo pakhonde la Nelia. "Tengani, mwana angazizidwe. Yewo, kamwana kokongola chomene."

Fyson atabwera kuntchito anamva za ana aja. Anatsegula bokosi lake la chitsulo. Bamboyu ankaimba kwaya, Baibulo ankalidziwa ngati kunyumba kwake, koma pansi pa Baibulo lomwelo panali kamtolo kamene amalume ake anamupatsa ku Linthipe: zikhomo zinayi za muwawani, zakuda ndi mankhwala. Anamuuza kuti akafika akatsirike nyumba, chikhomo chimodzi pa ngodya iliyonse, ndipo chilichonse choyenda usiku sichidzadutsa mzere umenewo.

Kuli chisisira anatuluka ndi mwala m'manja. Anakhoma ziwiri kumbali yawo. Atafika pakati pamene chipupa chinagawa nyumba, anapeza khonde la simenti kutsogolo ndi ngalande ya simenti kuseri, popanda pokhoma. Sanavutike nazo mutu. Kwawo nyumba ndi denga limodzi ndi ngodya zinayi, basi. Anazungulira mwakachetechete n'kukhoma ziwiri zotsalazo pa ngodya za mbali ya a Meckson, akudziuza kuti wawachitira zabwino anansi ake.

Mwezi unatha popanda maliro a mwana. Wachiwiri unathanso. Ku Mchengautuwa amayi anayamba kuchedwa kuchitsime, ku Mzilawaingwe anthu anati fisi wasamuka, ndipo kutchalitchi anathokoza Mulungu. Nelia naye anayamba kupuma. Tamara anamuphunzitsa kuyankha moni wa Chitumbuka, kusankha ufa wa kondoole wosawawa, ndi kuyenda pa matope ofiira osaterereka. Hilda ndi Amos ankawagoneka pamphasa imodzi.

Koma pa nyumba yaitali ija zinthu zinayamba kusintha. Nkhuku zisanu zimene Fyson anagula zinafa imodziimodzi m'khola lotseka bwino, zopanda bala, ndipo akazidula sizinkatuluka magazi. Kamphaka ka a Meckson kanapezeka pakhonde katauma ngati chikopa. Madzulo alionse, Nelia akamayatsa nyali, kuseri kwa chipupa kunkamveka kukanda pang'onopang'ono, kenako kupuma kwa chinthu chachikulu chotopa. Fungo la nyama yoyamba kuonongeka, losakanikirana ndi mafuta a nsatsi, linkalowera pamwamba pa chipupa pamene sichinafike kumalata.

M'mawa wina akusesa, Nelia anaona mapazi a chinyama m'matope, akulu ngati chikhatho, zikhadabo zikuoneka. Anawatsatira. Sanachokere kuthengo ndipo sanapite kuthengo. Ankangozungulira nyumba, kuzungulira ndi kuzungulira, mpaka panapangika kanjira ngati ka mbuzi yomangidwa pachingwe.

"Bambo a Hilda, taonani izi."

"Ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito. Chikulephera kulowa."

"Nanga chikubwera ndi njira iti?"

Fyson anayang'ana wotchi yake n'kunena kuti achedwa kuofesi.

Mayi Keziya anayamba kutha. Nsalu zinkawazungulira kawiri, masaya anagwa, kuseka kuja kunazima. Masana ankapita kumsika monga mwa nthawi zonse, koma dzuwa likapendeka ankakhala pakhonde maso ali kumapiri, akumeza malovu. Nelia, ndi mtima wake wabwino, ankawapititsira phala. Ankathokoza, koma mbale inkabwerera yodzaza.

Mu Julaye a Meckson anamwalira. Bambo wamphamvu amene ankapalasa njinga mpaka ku Ekwendeni ndi kubwerera tsiku lomwelo anafota m'masiku asanu ndi limodzi, ndipo amene ananyamula bokosi ananong'onezana kuti linali lopepuka ngati muli mwana. Anthu anawamvera chisoni mayi Keziya. Ena anati chisoni chawakomera, chifukwa maliro atangotha masaya aja anabwererako pang'ono.

Patapita masabata atatu, Hilda anakana bere.

Sanatenthe thupi, sanatsegule m'mimba. Ankangogona maso ali gwa kuchipupa, liwombo litalowa, kulira kwake kukucheperachepera. Kuchipatala anamupima, n'kupereka madzi ofiira m'botolo, koma dokotala anavomera kuti sakuona matenda. Fyson anapempha nyumba ina, anamuuza kuti nyumba zonse n'zodzaza. Tamara ankabwera m'mawa ndi madzulo, kumuthandiza Nelia kudonthezera mwanayo mkaka ndi supuni. Nelia anachita mantha amene anali asanawamvepo chibadwire. Kwawo akanathamangira kwa amayi ake, kwa azakhali, kwa amalume. Kuno wake analibe.

Tsiku lachinayi, dzuwa litapendeka, Tamara atangotsikira kwawo, mayi Keziya anaitana ali pakhonde lawo.

"Anyina Hilda, bwerani mukhale apa."

Nelia anakhala kumapeto kwa mphasa, mwana ali pamiyendo. Fungo lija linali pomwepo, masana ndithu.

"Amuna anu anakhoma vichi pa ngodya za nyumba iyi?"

Nelia anayang'ana kumbali.

"Musabise. Mankhwala a kwanu ngaukali, nawalemekeza. Cha kunja sichilowa. Kweni amene anakupatsani sanakuuzeni kuti cha mkati nachonso sichituluka?"

Anayankhula mofatsa, ngati akufunsa mtengo wa tomato.

"Ine kudya kwanga nkhadyeranga kutali. Pakhomo sindinagwirepo munthu. Mwanditsekera muno miyezi inayi. Nadya nkhuku. Nadya mphaka. Meckson nakhala naye zaka makumi awiri, sanandimenyepo olo kamoza." Misozi imene inatsika apa inali yeniyeni. "Kamwana aka nakakonda. Nayesetsa chomene. Kweni njala ya usiku simva kuti uyu ni wa mnzako."

"Ndithawa naye. Mawa lomwe ndikwera lole."

"Namulawa kale. Olo mupite naye ku Dedza, wathera panjira. Pokhapokha nikhute kunyake, pakhomo lina."

"Ndikakunenani kwa anthu."

"Kaneneni. Mpaka asonkhane, akambirane, aitane sing'anga, mawa lafika. Uyu mawa safika."

Nelia anayang'ana mwana wake. Milomo inali itayera.

"Nanga bwanji osazula nokha?"

"Manja anga sagwira. Zulani chimoza pera. Uko mwazula, n'kumene ndidzatulukire."

Fyson atafika anamupeza mkazi wake ataima pakhomo, khasu lili m'manja. Atamva zonse anakhala pansi pa simenti yonyowa ndi buluku lake la kuofesi, mutu uli m'manja.

"Tikazula, tapha mwana wa munthu," anatero.

"Tikasiya, tapha wathu."

"Tipemphere kaye, amake Hilda."

"Mmene munkakhoma munapemphera?"

Fyson sanadzuke. Analandira mwana amene anamupatsira, n'kutembenukira kuchipupa.

Nelia anazungulira nyumba nkhungu ikutsika. Anaima pa ngodya yoyamba. Inaloza kwa mphunzitsi wina, kumene ana anayi ankathamangitsana pabwalo. Yachiwiri inaloza kwa kapitawo wa misewu, amene mkazi wake anali ndi mapasa a mwezi umodzi. Yachitatu inaloza ku malaini a apolisi, ndipo phokoso la ana linkamveka ngakhale nyumbazo sizinkaoneka. Ankafuna ngodya yoloza kuthengo, koma boma linamanga nyumba zake mothithikana, mbali zonse kunali anthu. Yachinayi inaloza kumunsi. Kumeneko kunali nyumba imodzi yokha, ndipo mwana anali mmodzi yekha. Utsi unkatuluka pazenera, ndipo Tamara ankamveka akuimbira Amos.

Anazungulira kachiwiri, kachitatu, mapazi ake akuponda m'kanjira ka chinyama chija. Anawerenga ana mbali iliyonse, ngati kuti kuwerenga kungamupeputsire mlandu. M'nyumba Hilda analira kamodzi, kamawu kochepa kwambiri, kenako zii.

Nelia anakumba pa ngodya yachinayi.

Chikhomocho chinatuluka mosavuta, chili chofunda. Kanthawi komweko kukanda kwa kuseri kwa chipupa kunaleka. Mphepo yonunkha inamudutsa m'miyendo, udzu wa m'mbali mwa njira yotsikira kumunsi unagona, ndipo agalu a m'malaini onse anayamba kulira pamodzi. Akanatha kuthamanga, akanatha kukuwa kuti Tamara atseke, atenge mwana athawire kwa anansi. Anaganiza zimenezo ndithu. Analowa m'nyumba n'kukhoma chitseko.

Tambala woyamba asanamalize kulira, Hilda anafunafuna bere n'kuyamwa mwamphamvu mpaka kumupweteka mayi ake. Kutangoyera, kulira kwa maliro kunamveka kumunsi.

Nelia anapita, chifukwa kusapita kukanadabwitsa anthu. Anamupeza Tamara atagona pansi, amayi atamuzungulira. Atamuona mnzake anadzuka n'kumugwera pachifuwa.

"Anagona makora, anyina Hilda. Anaseka nane. Nalakwa vichi ine?"

Nelia analira kuposa onse m'nyumbamo, ndipo amayi anagwedeza mitu poona chikondi chotere kwa munthu wobwera. Tamara anasuzumira kumsana kwake, n'kuona Hilda akusewera ndi mkanda.

"Wachira? Yewo, Chiuta. Olo mmoza watsala. Ndipatseni nimunyamuleko."

Nelia anamasula nsalu n'kumupatsa.

Nyimbo ya maliro anaiyambitsa ndi mayi Keziya, ndi mawu amphamvu amene anthu anali atawaiwala. Pobwerera kumanda anayenda pambali pa Nelia, masaya ali see, n'kumugwira dzanja monga amachitira anansi okondana.

"Dzenje lija musakwirire," ananong'ona. "Tikhala makora."

Ndipo anakhaladi bwino. Fyson anakwezedwa pantchito kawiri, kwaya anasiya. Nyumba ina itapezeka, Nelia ndi amene anakana kusamuka, poopa kuti kulikonse kumene angapite adzakhala kunja kwa zikhomo, kumbali imene chinthu chija chimatulukira. Anakhala pa nyumba yaitali ija zaka khumi ndi chimodzi. Hilda anakula osadwalapo ngakhale chimfine, ndipo azing'ono ake atatu chimodzimodzi. Nelia anachidziwa Chitumbuka mpaka alendo ankamuyesa wa konkuno.

Kumunsi kuja, kuyambira m'malaini mpaka kumidzi ya kutsidya kwa dambo, ana anapitiriza kugona bwino n'kusadzuka. Pa maliro onsewo Nelia ankafika woyamba, nkhuni zili pamutu, ndipo ankachoka womaliza. Sanaphonyepo ngakhale amodzi. Mpaka lero okalamba a kumeneko akamukumbukira amati sanaonepo mayi wa mtima wabwino ngati anyina Hilda.