Madigiri 33 Amene Anasowa

Kachinayi konse, kakyuleta inatulutsa yankho lomwelo: madigiri 18 kunsi kwa ziro. Mtsikana amene anzake ankamutcha Mafunso, poti pakamwa pake sipankatha mafunso, anapukuta thukuta pamphumi. Malata a kalasi ankathetheka ndi dzuwa, koma pepala lake linkati dziko lonse laundana.

Aphunzitsi a sayansi anali atawapatsa ntchito yopeza kutentha kwa pulaneti yathu pongowerengera kuwala kumene imalandira kuchokera ku dzuwa. Wochita bwino ndiye akaimire sukulu ku mpikisano, ndipo Mafunso mwayiwo ankaufuna ndi mtima wonse.

"Iwe, usadzivutitse," ananong'ona mnzake wa padesiki. "Buku likuti 15 pamwamba pa ziro. Ine ndangosintha nambala imodzi pakatipa, yankho lakhala mwaa. Angaone ndani?"

"Ndingaone ineyo," anayankha Mafunso.

Anayambiranso. Anachotsa kuwala kumene mitambo imabweza kumwamba, kotsalako anakugawa ndi zinayi poti dziko ndi lobulungira, n'kutsata masamuwo mzere ndi mzere. Yankho silinasunthe. Zinamuwawa kwambiri, koma kufufuta anakana.

Ataweruka anadzera kuntchito kwa bambo ake, amene ankafesa mbande m'nyumba ya pulasitiki. Atangolowa, kutentha kunamuwomba kumaso.

"Bambo, mumapirira bwanji muno? Kunjaku kuliko bwino."

"Dzuwa ndi lomwelo, mwanawe," anaseka bambowo akuthirira mbande. "Koma muno kutentha kukalowa kumasowa potulukira. Ungochotsa pulasitikiyu, mbande zanga zifa ndi chisanu cha m'mawa."

Mafunso anangoti chilili, maso ali kudenga. Masamu ake aja anali a dziko lopanda chofunda. Anakhala pa chidebe chovundikira, natulutsa kope lake, mpaka bambo ake anachita kumuthamangitsa kuti akufuna chidebecho.

M'mawa mwake aphunzitsi anayamba ndi kuitana mnzake wa Mafunso uja kuti alembe njira yonse pabolodi. Atafika pakati, anamuimitsa.

"Nambala iyi yachokera kuti?"

Choko chinaima m'malere. Mnzakeyo anayang'ana nsapato zake, kenako anabwerera pamalo pake mwakachetechete.

Mafunso ataitanidwa n'kulemba 18 kunsi kwa ziro pabolodi, kalasi yonse inafa nacho chiseko. "Ndiye titenge majuzi, eti?" anatero wina kumbuyo. Koma Mafunso anatsindika mzere kunsi kwa yankholo.

"Buku likuti 15," anatero aphunzitsi. "Madigiri 33 enawo wawasiya kuti?"

"Sindinawasiye, aphunzitsi. Ndi a mpweya umene wakuta dzikoli, umene umasunga kutentha. Inu munati tiwerengere kuwala kokha, ndiye kuwala kokha kumatifikitsa apa. Za mpweyazo sindinadziwe kawerengedwe kake, koma ndikufuna mundiphunzitse."

Chiseko chija chinazilala. Aphunzitsi anatsegula kabati, natulutsa fomu ya mpikisano.

"Lemba dzina lako apa," anatero. "Za mpweyazo tiyamba Lolemba."