Moni Wochokera kwa Chidendene

Ine anthu amati ndimathira mchere wambiri m'nkhani, ndipo sindikana. Koma mu iyi muli bodza limodzi lokha, ndipo ndikukubetcherani kuti simuligwira mpaka nditakuuzani ndekha. Amene mtima wake umathamanga msanga asiyire pomwepa.

Alamu anga ndi telala. Kashopu kawo n'kolumikizana ndi nyumba, chitseko chimodzi chotulukira kumsewu, china cholowera pabalaza. Akazi awo oyamba anamwalira kalekale, ndipo patapita zaka anakwatira mlongo wanga, mayi woti ukamupatsa moni kawiri amafunsa chomwe walakwa.

Pashelefu ya m'shopumo, pakati pa zitini za mabatani, pamakhala wailesi yakale ya mabatire. Lachisanu lililonse mdima ukagwa, atelala ankakhoma chitseko cha kumsewu n'kutsegula pologalamu ya nyimbo zamakedzana. Kumayamba rokenirolo, magitala akuthamangitsana, piyano ikumenyedwa ngati yaba, kenaka zija zoleza zomwe achikulire amati sowulu, mwamuna akudandaula ndi mawu osasa, malipenga akumuvomera chapansipansi. Muulutsi wake ndi mkulu wa mawu okalamba, ndipo pakati pa nyimbo amawerenga makhadi a moni ochokera kwa omvera.

Lachisanu loyambalo mlongo wanga ankasita malaya m'shopu momwemo, atelala akupalasa makina.

"Khadi ili," anatero muulutsi, "likuchokera kwa Chidendene. Akupereka moni kwa Singano wake. Akuti nsapato wapukuta kale, iye asachedwe."

Makina anaima. Sanaime pang'onopang'ono monga amachitira msoko ukatha, anangoti zii, ngati wina wagwira gudumu. Atelala anakhala choyang'ana wailesi, kukamwa kuli yasaa.

"Mwatani, bambo?"

"Ulusi waduka."

Mlongo wanga anasuzumira. Ulusi unali bwinobwino.

M'mawa mwake anakafunsa mochenjera kwa mayi wochapa zovala, amene wakhala mumsewu umenewo kuposa wina aliyense. Mayiyo anati inde, atelala pa unyamata wawo ankatchedwa Singano, chifukwa anali woonda ndiponso wakuthwa pa dansi. Za Chidendene sankadziwa. Basi, mlongo wanga anayamba ntchito. Anapisa m'matumba a majekete onse, ananunkhiza makolala, ndipo mzimayi aliyense wobwera kudzayesa diresi ankamuyang'ana kumapazi asanamuyang'ane kumaso.

Lachisanu lachiwiri ananamizira mutu, nakagona msanga. Pologalamu itayamba anadzuka, nayenda chonyang'ama mpaka pachitseko cha pabalaza. Nyale ya m'shopu inali yozimitsa. Pansi pa chitseko pankangotuluka kakuwala kofiirira ka wailesi.

"Chidendene walembanso," anatero muulutsi. "Akuti Singano wayamba ulesi. Nyimbo ino aimirire."

Inayamba nyimbo yoleza, ng'oma ikugunda patalipatali ngati mtima wa munthu wogona. Mpando unakhwekhwerezeka. Kenaka mapazi pasimenti, shwee, shwee, kupita uku, kubwerera. Ndipo pansi pa shwee ameneyo, mlongo wanga akulumbira mpaka lero, pankamveka kena kakang'ono, kouma: ko, ko, ko.

Anaika diso pamng'alu wa chitseko. Atelala ankavina. Dzanja limodzi linali m'mwamba ngati akuzunguza munthu, lina litakoleka m'chiuno chomwe panalibe. Madiresi opachikidwa pawaya ankagwedezeka pang'ono, zenera lili chitsekere.

Mlongo wanga anakankha chitseko, nayatsa nyale. Anayang'ana pansi pa tebulo, kuseri kwa madiresi, mpaka m'dengu la zigamba. Chitseko cha kumsewu chinali chokhoma, kiyi ali m'kati.

"Mwamutulutsira pati?" ananong'ona, poopa oyandikana nawo.

"Mayi, khalani pansi."

"Ndikhala mukandiuza dzina lake."

"Chidendene ndi malemu mkazi wanga," anatero atelala. "Tinakumana m'holo ya dansi. Dzina limenelo ndinamupatsa ndine, ndipo ankangolilemba pa makhadi a ku wailesi. Sindikudziwa chikuchitika."

Mlongo wanga anaseka kuseka kopanda mano.

"Amuna ena amanamizira ntchito, ena amanamizira mpira. Inu mpaka kumanda? Munthu anagona kale, musiyeni apume, musamubise chibwenzi kumsana."

Zonong'ona m'nyumba zoyandikana sizikhalitsa. Pofika Lolemba msewu wonse unali utadziwa. Wometa tsitsi ankati ndi mkazi wamoyo, wogulitsa matikiti kudepoti, ndipo iye anamuonapo. Mayi wochapa uja ankati ayi, ndi malemu, wakwiya chifukwa madiresi ake anawang'amba kukhala zokolopera. Mlonda wa pasitolo anati Lachisanu ankamva nsapato za mzimayi zikuyenda pakhonde la atelala, kupita, kubwerera, koma akawalitsa tochi pankangokhala khonde. Atelala okha sankanena kanthu. Anasiya kudya. Anasoka thumba la thalauza la mphunzitsi chotseka, mkono wa jekete anaulumikiza chozondoka. Munthu ankatha tikumuona.

Lachisanu lachitatu mlongo wanga anachotsa mabatire n'kuwakhalira. Anakhala pabalaza awiriwiri, osalankhulana, nyumba ili zii, kumangomveka wotchi. Koma anaiwala chinthu chimodzi. Msewu wonse unkafuna kumva. Nthawi itakwana, wailesi inalira kwa wometa, ina kwa mayi wochapa, ina kuseri kwa mpanda, ina pasitolo. Magitala analowa m'nyumbamo kudzera m'makoma, m'denga, pansi pa chitseko. Kenaka mawu okalamba aja anabwera kuchokera mbali zonse nthawi imodzi.

"Chidendene akufunsa kuti kodi Singano abwera nthawi yanji kudzamutenga. Akuti watopa kudikira pakona, kunja kukuzizira."

Atelala anaimirira. Anavala jekete, namanga batani, nalunjika kuchitseko, maso ali tong'oo ngati woyenda kutulo. Mlongo wanga anathamanga nakaima pakhomo.

"Mukupita kuti?"

Anamuyang'ana nthawi yaitali ngati akuyesa kukumbukira kuti ndi ndani.

"Sindikudziwa, mayi," anatero.

Kutacha, mlongo wanga anatulukira kwathu ndi zikwama ziwiri.

"Achimwene, ine zanditopetsa. Akakhala wamoyo, andilanda mwamuna. Akakhala wakufa, anditengerabe mwamuna. Tsono ine m'nyumba muja ndine mpando?"

Anatenga bedi langa, ine n'kumagona pamipando. Msana wanga unapirira masiku asanu. Lachinayi ndinati banja ili likatha ndiye kuti bedi langanso latha, ndipo ndinavala malaya oyera n'kupita ku nyumba ya wailesi.

Mlonda wa pageti ndinamuuza kuti ndabweretsa uthenga wa maliro, zomwe mukaganiza bwino sizinali kutali ndi zoona. Anandilozera kachipinda ka kumapeto, kodzaza zimbale zakale mpaka kudenga, konunkha fumbi ndi makatoni onyowa. Muulutsi uja, wa mawu odzaza msewu wonse, anali kamunthu kakang'ono kovala juzi lobooka pachigongono. Nditamufotokozera, anagwira kumutu, natseka chitseko.

"Bambo, musandiulule," anatero. "Masiku ano ndani amalemba khadi? Achinyamata ali pa mafoni, ndipo nyimbo zangazi amati n'za agogo. Mabwana anandiuza kuti pologalamu yopanda omvera aichotsa. Ndiye onani."

Anakoka chithumba pansi pa tebulo. Munali makhadi a zaka makumi awiri zapitazo, achikasu, ena odyedwa ndi njenjete. Ankangopisa dzanja n'kuwerenga ngati abwera dzulo. Mwezi umenewo anagwira mpukutu womangidwa ndi ulusi, onse a Chidendene, olembedwa masiku omwe ankadikiradi Singano pakona kuti apite kudansi.

"Mwina theka la anthu omwe ndimawapatsa moni ali pansi," anatero mwamanyazi. "Sindinaganize kuti ena ali ndi akazi atsopano."

Analonjeza kuti a Chidendene sadzawawerenganso.

Nditamufotokozera mlongo wanga, anandiyang'ana ngati wapolisi.

"Nanga ko, ko, ko uja?"

"Alamu nsapato yawo yakumanzere ili ndi kachitsulo. Simunaione?"

"Nanga jekete? Ankapita kuti?"

"Munthu wosadya sabata lathunthu, wina n'kumuitana ndi dzina la pa unyamata? Ngakhale ine ndikhoza kukafika kumalire."

Kenaka analira pang'ono, kenaka anatukwana muulutsi ndi juzi lake lomwe, n'kuyamba kulongedza. Atelala atamva anagwetsa misozi, napempha chakudya, nadya mbale ziwiri. Masiku ano Lachisanu amamvera limodzi. Mlongo wanga waphunzira rokenirolo, amavina ngati akupha mphemvu, ndipo atelala ayambanso kunenepa.

Tsono bodza lija. Mwina mwaloza mlonda ndi tochi yake, mwina madiresi ogwedezeka. Ayi. Bodza ndi chithumba. Ndinachisoka ndekha m'basi pobwerera, ndi njenjete zake zomwe.

Kachipinda kaja kalipo, muulutsi alipo, juzi lilipo. Koma nditamufotokozera, iye sanagwire kumutu. Anatsegula kabati, natulutsa khadi limodzi loyera mbee, inki yake yowala. Chidindo cha ku positi chinali cha Lolemba la sabata lomwelo, tsiku lomwe ngakhale ine mwini sindinkadziwa kuti ndidzapita kumeneko.

"Ili ndimati ndiwerenge mawa," anatero, "koma limandizunguza mutu. Mwina inu mulimva."

Linalembedwa mizere iwiri. Moni kwa Singano wanga. Moninso kwa mlamu wake wa malaya oyera, amene waima patsogolo panu.

Ndinagwada pansi m'fumbi momwemo kumupempha mkuluyo kuti a Chidendene asadzawawerengenso, ndipo mpaka lero akusunga lonjezo. Ngati makhadi akubwerabe, sindifunsa, ndipo msewu wa ku wailesi ndinausiya.

Koma mukakumana ndi mlongo wanga, chithumba chiliko.