Mwandida Analeka Kuseka

Msika wonse wa Kafue unkanong'onezana nkhani imodzi: ati Mwandida, telala wa pafupi ndi geti uja, amuchita mankhwala. Ena ati ayi, ndi pathupi. Amayi ogulitsa kapenta ati mwina wagulula dzino lakutsogolo. Nanga munthu amene akaseka amamveka mpaka kusiteshoni ya sitima n'kungoti zii, pakamwa tseke, inu simungadabwe?

Koma zoona zake zinali zina, ndipo zinayambira pa Lighton.

Lighton anali kondakitala wa minibasi ya ku Lusaka. Anakumana ndi Mwandida pasiteji, tsiku lina Mwandidayo akupita kukagula zitenje ku Kamwala.

"Ba sisi, kwerani kutsogolo," anatero Lighton. "Kumbuyo kuli nkhuku, zizachita nsanje zikaona kukongola kwanu."

Mwandida anaseka mpaka misozi. Lighton anangoti kakasi, kuiwala ndi kuitana anthu komwe, mpaka dalaivala anachita kumuimbira huta!

Basi chikondi chinayamba. M'mawa uliwonse foni ya Mwandida inkalira: "Wauka shani, dzuwa langa? Seka kamodzi chabe, nimvere kuno ku Chilanga." Ndipo tsiku lina, atakhala pamthunzi kuseri kwa msika, mnyamatayo anamugwira dzanja n'kulonjeza kuti, "Iwe ukamanisekerera chabe, sinizayang'ana mkazi wina mpaka kumanda."

Panali kanthu kamodzi kokha. Mwandida anali wamkulu kwa Lighton ndi zaka zingapo. Sankaziganizira n'komwe, mpaka Loweruka lina pamene atsikana a pakoleji anakwera minibasi ija, nkhope zosalala ngati tomato.

"Ba anti, sunthani pang'ono," anatero mmodzi. Kenako anatembenukira kwa Lighton. "Ba kondakitala, ni amayi anu aba?"

"Ni bwana wanga," Lighton anayankha, basi yonse n'kufa nazo. Koma Mwandida anaona, kapena ankaganiza kuti waona, maso a Lighton akuchedwa pankhope ya kamtsikana kaja. Mtima unamuwawa ngati wathiridwa tsabola!

Atafika kunyumba ku Nangongwe anathamangira pagalasi. Mayo! Mizere iwiri, yochokera m'mbali mwa mphuno kutsikira kumapeto a milomo. Inabwera liti? Ndiye kuti Lighton ankaiona masiku onsewa?

Kutacha anakadandaulira Felistus, mnzake wa ponda apa m'pondepo, amene ankagulitsa mafuta odzola ndi mawigi pashopu yoyandikana ndi yake. Ankaimbanso kwaya imodzi kutchalitchi.

Felistus anamugwira chibwano, n'kumutembenuza uku ndi uku. "Mwandi, yalowa. Koma njira ziliko. Kuli kirimu yodzola pogona, imayabwa pang'ono. Kuli tumatepi tomata pamasaya kuti khungu lisapindike. Ku Lusaka kuli makina otenthetsa khungu, kulinso majakisoni. Amabaya mumzere momwemo, n'kufufuma ngati chitumbuwa, koma pakapita miyezi uyenera kubwereranso."

"Jakisoni pakamwa? Awe, ine niopa."

"Telala kuopa singano!" Felistus anawomba m'manja. "Tenga kirimu na matepi. Koma nikuuze, zonsezi sizigwira ukamaseka. Nsalu ukamaipinda pamalo amodzi tsiku na tsiku imachita bwanji?"

"Imasiya mzere."

"Manje? Leka kuseka, mwana. Apo ayi tuma koleji tuzakulanda mwamuna."

Ndipo Mwandida analekadi.

Masana Lighton ankabwera ndi zitumbuwa zotentha, n'kuyamba kuyerekeza mayendedwe a dalaivala wake, kapena gogo wina amene anakana kulipirira mbuzi ati ndi mdzukulu wake. Kuseka kunkakwera m'mimba mwa Mwandida mpaka pakhosi. Iye ankadziluma tsaya m'kati, n'kuweramira pamakina. Amene ankaseka anali Felistus, kushopu kwake uko, kuchita kugwira m'mimba.

"Nakulakwira chani, dzuwa langa?" meseji inabwera.

"Palibe," Mwandida anayankha. Akanamuuza bwanji? Kuti ayambe kumuyang'anitsitsa pakamwa?

Mameseji anayamba kuchepa. Zitumbuwa zinasiya kubwera. Nsanje ndiye inachita kumera mizu! Mwandida ankasiya diresi la kasitomala pamakina n'kukabisala kuseri kwa shopu ya mafoni, kuti aone mtsikana wa pakoleji amene wakhazikidwa kutsogolo. Aliyense wosalala nkhope anali mdani wake. Ankabwerako maso ali psuu, n'kukalira kwa Felistus.

"Pirira," Felistus ankatero, akumupukuta misozi. "Mizere iyamba kuchoka. Osalira maningi, nakulira kumapinda nkhope."

Tsiku lina Felistus sanatsegule shopu. Mwandida anapita kumalo ake obisalira aja. Minibasi inali pamzere, ndipo kutsogolo kunali munthu akuseka, mutu uli chagada, mano onse pamtunda. Sanali wa pakoleji ayi. Anali Felistus, atavala jekete la Lighton, lomwe Mwandida anasokerera zipi ndi manja ake!

Ndipo pakamwa pa Felistus, abale inu, panali mizere yozama kuposa ya Mwandida.

Miyendo inamufikitsa yokha pazenera. "Felistus! Iwe mizere siikuopsa?"

Felistus anayang'ana kumbali. Lighton anabwera akuthamanga, nkhope itagwa.

"Mwandida, osapanga chongo pano, tsitsa mawu. Si ndiwe unanisiya? Felistus ananiuza zonse. Ati nthabwala zanga ni zachibwana, ati wapeza mwamuna wa tayi ku Boma."

"Ine? Mwamuna wa tayi?" Mwandida anadziloza pachifuwa. "Ninaleka kuseka chifukwa cha iwe, Lighton! Uyu ananiuza kuti kuseka kunikalambitsa. Nimagona na matepi kumaso ngati katoni, kuti iwe usaone izi!" Analoza pakamwa pake.

Lighton anayang'ana mizere ija nthawi yaitali. "Izi? Mwandida, izi nizimene ninayamba kuona tsiku lija la nkhuku. Zikaonekera nimadziwa kuti tsiku langa layenda bwino."

"Nanga jekete?"

Lighton anaweramitsa mutu. Sananene kuti kunali kuzizira. Felistus ndiye anatulutsa mutu pazenera, mopanda ndi manyazi omwe.

"Mwamuna afuna womusekerera, mwandi. Iwe unasiya mpando, ine ninakhalapo."

Pamenepo Mwandida anaseka. Kuseka konse kumene anakusunga kunatuluka kamodzi, kowawa, kosakanikirana ndi misozi, mpaka ogulitsa nthochi anaimirira. Anatembenuka n'kumapita, Lighton akuitana dzina lake, dalaivala akuimba huta.

Madzulo dzuwa lisanalowe, anataya matepi ndi kirimu kudzala. Akusamba m'manja, foni inalira.

"Dzuwa langa, ninapusa. Felistus namutsitsa pa Shimabala, jekete natenga. Nikhululukire. Seka kamodzi chabe, nimvere kuno."

Mwandida anawerenga, n'kuwerenganso. Anakumbukira lonjezo la kuseri kwa msika lija. Inde, iye ndiye anayamba kuleka kuseka. Koma mwamuna womva za m'maluwa n'kuvula jekete osayamba wafunsa bwino, mawa akadzadwala Mwandida, osatha kuseka, adzakhazika ndani kutsogolo?

Chala chili pafoni, milomo ikufuna kumwetulira, mtima ukukana. Inuyo mukanakhala Mwandida, mukanamuyankha Lighton?