Kansalu Kakuda ka a Makaiko

Nkhani iyi sindinaitole pabawo kapena pamowa ayi. Anandiuza ndi a Alaudin, amene anayendetsa ambulansi ya kachipatala kena m'chigwa cha Domasi zaka zambiri, munthu wakuti akanena kuti mvula igwa, mumayamba kuanula zovala. Iwo analipo masiku onse awiri amene zinthuzi zinachitika.

A Henderson Makaiko ndiwo ankakwera ambulansiyo kukachitika ngozi, ndipo aliyense ankawatchula adokotala. Ntchito ankaidziwa, koma kudzimva kwake ndiye kosasimbika. Ankati mantha ndi matenda a anthu osaphunzira, ndipo namwino watsopano akachita chizungulire poona magazi, ankamuseka mpaka misozi. M'thumba la gawuni yawo munkakhala tinsalu ta mitundu itatu. Ovulala akachuluka, ankagwira aliyense pamkono kumva ngati mtima ukugunda, n'kumumanga kansalu: kofiira wofunika kuthamanga naye, kachikasu wotha kudikira, kakuda amene wapita kale. Womangidwa kakuda palibe ankamucheukiranso.

Mu Okutobala 1996, dzuwa lili paliwombo, lole yonyamula anthu ochokera ku ukwati inaduka mabuleki kufupi ndi Naisi n'kugubuduzika katatu. Pamalopo pankanunkha dizilo, magazi ndi thobwa lotayika. Mayi wina ankakwawa pa tala kufunafuna mwana, mwendo ukukwekwereka m'mbuyo. Woyendetsa loleyo, Jonasi, anatuluka wamoyo, koma abale a ovulala anamugwira. Pamene ambulansi inkafika anali atamuphwanya kale ndi miyala ndi chitsulo cha jeke, ali gone m'ngalande, nsagwada itapotokera kumbali.

A Makaiko anagwada n'kuika zala ziwiri pamkono pake. Mtima unkagunda, chapansipansi, koma unkagunda ndithu. Mwala unawapeza pakhutu. Kenaka bambo wina wa suti yonyowa magazi anawakhudza pachipumi ndi chitsulo chija.

"Adokotala, mwana wanga ali apo. Mukanyamula galu ameneyu, tiwotcha galimoto yanu inu muli momwemo."

 Munthu wosadziwa mantha uja anapisa m'thumba n'kutulutsa kakuda.

"Wapita uyu," anatero mokweza, namanga mfundo ziwiri.

Diso la Jonasi linatembenuka n'kuwayang'ana. A Alaudin analiona disolo. Wina anaponya chigamba cha lona pamwamba pake, gulu n'kubwerera kwa abale awo. Tsiku limenelo a Makaiko anapulumutsa anthu asanu ndi awiri, ndipo anatamandidwa. Apolisi atabwera madzulo kudzatenga mtembo, anapeza mizere ya zala itakumbika m'dothi la ngalandeyo.

"Simunaone kanthu, a Alaudin," anatero a Makaiko pobwerera.

"Ine ndimayang'ana msewu, adokotala. Koma mlandu suwola."

Kuyambira pamenepo a Makaiko anasintha. Jakisoni ankawapulumuka m'manja, ankakalipira odwala, madzi akumwa ankati akununkha dizilo. Akuluakulu anawachotsa pa ambulansi, ndipo izi zinawapweteka kuposa mwala uja, chifukwa ambulansiyo ndiyo inali ulemu wawo wonse.

Patapita milungu isanu kunabwera a Sisita Jacinta, namwino wachikulire wophunzitsa anthu a ambulansi kugwira mtima pangozi. Malamulo awo anali ochepa. Mutu ukayamba kuzungulira, ima, puma, werenga mpaka khumi. Chimene wapeza pa wovulala, chinene mokweza mnzako amve. Mukabwerako, khalani pansi muuzane zimene zikukulemerani. Wopambana maphunzirowo ndiye ankabwerera pa ambulansi.

Tsiku lina a Makaiko ndi anzawo atakhala mozungulira, a Sisita anawafunsa. "A Makaiko, za ku Naisi zija, palibe chimene chinakutsalirani mumtima?"

"Amuna sitilira pagulu, a Sisita. Tiyeni ku mayeso."

Mayesowo anachitikira pabwalo la mpira kuseri kwa chipatala, m'mawa dzuwa litakwera. Anthu khumi ndi awiri a kwaya ya tchalitchi anagona m'maudzu atapakidwa magazi a mbuzi, ena akubuula mochita kuwonjeza. Ogwira ntchito pachipatala ankamenya zitini ndi kutukwana ngati gulu lolusa. A Sisita anapatsa a Makaiko tinsalu tofiira ndi tachikasu tokha.

"Lero palibe wakufa," anatero. "Takuda tatsala m'chikwama changa."

A Makaiko anayenda bwino. Gwira, manga, nena. Atamanga wa khumi ndi chiwiri anadzuka akupukuta thukuta, mtima uli m'malo. Ndi pamene anaona wina m'ngalande ya kumapeto kwa bwalo, pansi pa mtengo wa mango, atafunditsidwa lona.

Anapita. Nyenje zimene zinkalira mumtengomo zinangoti zii. Zitini zinamveka kutali. Dizilo ananunkha.

Anavundukula lona.

Nsagwada yopotoka. Ntchentche pakamwa. Kansalu kakuda, mfundo ziwiri.

Anachita zimene anaphunzitsidwa. Anaima. Anapuma. Anawerenga mpaka khumi. Anagwada n'kuika zala ziwiri pamkonowo.

Unkagunda.

"A Makaiko!" a Sisita anaitana ali pakati pa bwalo. Iwo ankangoona munthu atagwada pangalande yopanda kanthu. "Mwapeza chiyani uko? Nenani!"

Diso lija linatembenuka. Linkadikira.

"Palibe kanthu, a Sisita."

Dzanja lozizira linawagwira a Makaiko pamkono. Fupa linalira ngati phesi louma. Anthu onse pabwalopo anaona a Makaiko akulowa m'ngalande chamutu, ngati wina wawakoka. Nkhope inamenya mwala, n'kudzuka, n'kumenyanso. Mano anagwera m'fumbi. Thupi linkanjanja kumanja ndi kumanzere monga munthu amene wazingidwa ndi gulu, koma m'ngalandemo anali okha. Akwaya anathawa akukuwa. Amuna anayi anawagwira miyendo kukoka, osatheka.

A Alaudin anagona chafufumimba m'mphepete mwa ngalande n'kuika pakamwa pakhutu pawo.

"Nenani, adokotala. Chonde nenani."

Nkhope inamenyanso mwala. Kenaka mawu anatuluka pamodzi ndi magazi.

"Anali moyo! Jonasi anali moyo! Ndinamumanga ndikudziwa!"

Amuna anayi aja anagwa chagada, a Makaiko ali m'manja mwawo. Nyenje zinayambiranso.

Pamkono wothyokawo panali kansalu kakuda, mfundo ziwiri, katalowa m'mnofu. A Sisita anakadula ndi sizasi, n'kuika zala pamkono winawo. Anasunthira pakhosi. Anaika khutu pachifuwa, nakhala nthawi yaitali. A Makaiko ankapuma, akuwayang'ana, misozi ikutsika.

"Sukugunda," ananong'ona a Sisita. Mukawafunsa lero amangoti zimene ananena a Alaudin n'zomwezo.

A Makaiko anachira, nsagwada itapotoka. Anapita okha kukagwada kwa mkazi wa Jonasi, ndipo ambulansi sanaikwerenso. Amalima chinangwa kufupi ndi Malosa, amadya, amapita kutchalitchi. Madokotala angapo anawapima, ndipo palibe anapeza kugunda kwa mtima wawo.

Chimene amaopa ndi tulo ta m'chipatala. Malungo akawagwira n'kugonekedwa, amatuma uthenga kwa a Alaudin, ndipo nkhalambayo imabwera ndi ndodo yake n'kukhala pambali pa bedi. Namwino akagwira mkono wa wodwala wogonayo n'kuyamba kukoka nsalu kuti amufunditse kumaso, a Alaudin amamugwira dzanja.

"Asiyeni, mayi. Ali moyo awa."