Chisoti cha Makandulo Chimene Tuva Sanavale

Kwa a Hedlund mafoni ankakhala m'dengu nthawi ya chakudya. Bambo Håkan apemphere, mayi Malin agawe mbatatesi ndi nsomba, kenako mwana wawo mmodzi yekhayo, Tuva, wa zaka khumi ndi zitatu, azitsuka mbale akuimba. Ine Birgitta ndaphunzitsa kwaya ya atsikana pa tchalitchi chathu ku Falun zaka makumi awiri, koma mawu okoma ngati a mwana ameneyu sindinawamveponso.

Chaka chimenecho Tuva anasankhidwa m'gulu la atsikana asanu ndi awiri opikisana kuti mmodzi akhale Lucia, wotsogolera mdipiti wa chikondwerero cha pa 13 Disembala atavala mkanjo woyera, lamba wofiira ndi chisoti cha makandulo oyaka. Zithunzi zawo tinaziika pa tsamba la mpingo la pa intaneti kuti anthu avote.

"Amayi! Ndalowa! Ndalowa!" Tuva anakuwa, kuthamangira kukhitchini osavula n'komwe nsapato pakhomo.

Mayi ake anamukumbatira n'kukatulutsa lamba wofiira amene anavala iwo ali mtsikana.

"Ukapambana uvala ameneyu. Koma tamvera, mwanawe. Chithunzi chako chikuonedwa ndi aliyense tsopano. Munthu wosamudziwa akakulembera pa foni, undionetse. Ndipo mawu ako achinsinsi olowera usapatse munthu."

"Ndamva, amayi. Aaa, kodi ndine khanda?"

Patatha sabata, Idun, mnzake wa kuyambira ku sukulu ya mkaka amenenso anali pa mpikisanowo, anamuposa ndi mavoti makumi asanu ndi limodzi. Nsanje inamugwira Tuva. Tsiku lomwelo pa foni yake panafika uthenga wa wina wodzitcha Moa, chithunzi chake kamtsikana komwetulira katanyamula galu.

"Chisoti chija ndi chako iwe! Idun uja amaimba ngati chitseko chopanda mafuta. Ukufuna mavoti mazana atatu?"

Tuva anaseka mpaka misozi. "Ungathe zimenezo?"

"Zazing'ono izo. Ika kapulogalamu aka m'foni mwako, ulembemo dzina lako ndi mawu ako achinsinsi. Akuluakulu usawauze, amangosokoneza zinthu."

Anaikadi.

Ha, mavoti kukwera kwake! Lachiwiri mazana awiri, Lachitatu mazana anayi. Pophunzira nyimbo atsikana anamuzungulira, kudumphadumpha, kukuwa, "Tuva! Tuva!" Nanenso ndinaomba nawo m'manja, chitsiru ine, osadzifunsa kuti mpingo umene Lamlungu sudzaza ndi mabenchi khumi omwe wapeza kuti anthu onsewo.

Kunyumba mayi ake anaona dengu lili ndi mafoni awiri okha.

"Yako ili kuti?"

"Batire latha, ili kuchipinda."

"Nanga dzulo umasekerera ndi ndani pa foni?"

"Ndi Idun, amayi."

Bambo ake anaika foloko pansi. "Tuva, m'nyumba muno sitibisirana. Ngati pali kanthu, nena lero."

"Palibe, adadi. Mukungondikayikira basi!"

Lachinayi Moa analembanso. "Nawenso undichitire kanthu. Nditumizire chithunzi choseketsa cha Idun, tingoseka awirife."

Tuva anali nacho chimodzi: Idun ali mtulo m'basi ya kwaya, kukamwa yasa, dovu lili chuchuchu. Anazengereza pang'ono n'kutumiza. Pofika masana chithunzicho chinali pa tsamba la Tuva, m'dzina la Tuva, ndi mawu achipongwe amene ine sindingawabwereze. Sukulu yonse inachiona. Idun anadzitsekera m'chimbudzi akulira mpaka mayi ake anabwera kudzamutenga.

"Chotsa! Chonde chotsa!" Tuva analembera Moa.

"Foni yako ndikuiyendetsa ndine tsopano," anayankha Moa. "Kwanu ndikukudziwa, nyumba yofiira ya pafupi ndi mlatho. Ubwere wekha pokwerera basi mawa folo koloko, tikambirane. Ukapanda kubwera, mpingo wonse udziwa kumene mavoti ako achokera."

Lachisanu lija Tuva anavaladi jekete kuti apite kukakumana ndi Moa, chifukwa chisoticho ankachifunabe. Atagwira chitseko anamva mayi ake akung'ung'udza nyimbo ya Lucia kukhitchini, akuphika mabanzi achikasu a chikondwererocho, mkanjo woyera atausita kale uli pampando.

"Ukupita kuti, Lucia wanga?"

Tuva anasiya chitseko chija. Anakhala pansi pomwepo n'kulira kokweza, ndipo anaulula zonse.

Bambo ake sanakalipe. Anaimbira apolisi nthawi yomweyo. Pokwerera basi paja apolisi sanapeze kamtsikana ka galu ayi. Anapeza mwamuna wa zaka zopitirira makumi anayi, galimoto ataiimika pakona, m'foni mwake muli maina a ana enanso. Mayi Malin atamva zimenezi anasanza.

Dzina la Tuva ndinalichotsa ndekha pa tsamba lija, ndipo zinandipweteka kwambiri. Mavoti oona tinawawerenganso: Idun ndiye anapambana. Koma chimene chinandiliza n'chakuti pamene ndinkachotsa dzina lake, Tuva anali atangotsala ndi mavoti asanu ndi anayi okha kuti amupeze Idun, kutatsalabe masiku atatu ovota. Akanadikira, mwina akanapambana chilungamo chokhachokha.

M'mawa wa pa 13 Disembala Tuva anabwera m'chipinda chovalira atanyamula lamba wa mayi ake.

"Idun, ndinakulakwira. Undikhululukire. Vala uyu, chonde."

Idun analandira lambayo. Ine ndinapatsa Tuva kansalu konyowa kamene timayala pamutu pa Lucia kuti phula la makandulo lisamutenthe. Anakayala bwinobwino pa tsitsi la mnzake, n'kuikapo chisoti ndi manja ake.

"Ukanafinya bwino, madzi akundilowa m'maso," anatero Idun. Kunali kumulankhula koyamba chichitikireni zija.

Magetsi anazimitsidwa, chitseko chinatseguka, makandulo anawala, tchalitchi chonse chinaimirira. Tuva anali pa benchi yakumbuyo pakati pa makolo ake, atavala juzi wamba, bambo ake atamugwira dzanja osalitaya.

Ana inu, ndikukuuzani mosabisa. Munthu wa pa foni amene wakulonjeza zabwino n'kunena kuti usauze makolo si mnzako, ngakhale chithunzi chake chimwetulire chotani. Usamupatse mawu achinsinsi, usamutumizire chithunzi, usapite kukakumana naye. Ukalakwa, ulula msanga. Tuva anataya chisoti chokha chifukwa anaulula asanatsegule chitseko chija.