Mboni ya Malire a ku Chonde

Banja la a Abdulkarimu linali pakhonde likusenda chinangwa cha m'mawa pamene Sajeni Pilato wa polisi ya ku Boma anafika ku Chonde. Munali mu 1918. Mtembo wa a Makawa unali utapezeka kumapeto kwa munda wa banjalo, pafupi ndi mtsinje, uli ndi bala kunkhongo.

Pilato anaugwadira nthawi yaitali. Unagonekedwa chakumanja, nkhope kumpoto, maso otsekedwa, chibwano chomangidwa ndi kansalu koyera.

Nkhani ya mundawo anaimva kwa a Swalehe, mkulu wa a Abdulkarimu. Chikalata chimene bambo awo analandira ku Boma chinadyedwa ndi chiswe. Tsopano mzungu wa tiyi ankafuna kugula malowo, ndipo Boma linati popanda chikalata, mboni imene inayenda nawo malire ikalumbire mundawo usanagulitsidwe. Mboni yotsala inali imodzi: a Makawa.

"Gwirani Jailos," anatero a Swalehe. "Anakangana nawo dzana chifukwa cha mbuzi."

Pilato anamupeza Jailos, Mkhristu wothyola tiyi, kumunda. "Kukangana tinakangana, bwana. Koma mbuziyo ndi yowonda, siyoti munthu angafere."

"Munthu akamwalira kwanu mumamugoneka bwanji?"

"Chagada. Pali kugoneka kwinanso?"

Pilato anabwerera ku Chonde dzuwa litapendeka. Anapeza a Abdulkarimu atakhala pa mwala, akuyang'ana kumsewu. Anakhala nawo pambali.

"Mukudikira ndani, bambo?"

"Yusufu, mwana wanga. Anamutenga kukanyamula katundu wa nkhondo. Anzake ena abwerako."

"Wakupha akamaliza amathawa," anatero Pilato mofatsa. "Uyu anatsalira. Anatseka maso, anamanga chibwano, anatembenuzira nkhope kumene inu Asilamu mumayang'ana popemphera. Anali munthu wowakonda a Makawa. Ndione mpango wanu wa kumutu."

A Abdulkarimu anauvula pang'onopang'ono. Kunsonga kwake kunali kong'ambika.

"Tinavinidwa limodzi ine ndi Makawa," anatero. "Sindikanamusiya ngati galu."

"Chinachitika n'chiyani?"

"Ndinamutsatira kumtsinje madzulo. Ndinati, m'bale wanga, ukanene ku Boma kuti malire waiwala. Akulu anga akagulitsa, tisamuka. Yusufu sadziwa kwina. Adzafika pano atatopa, adzapeza tiyi pamene panali nyumba, afunse ndani? Makawa anati sangalumbire bodza." "Kenako anati, Yusufu sabweranso, vomereza. Mwala unali pafupi ndi dzanja langa."

Pilato sanatulutse unyolo. Anadikira kuti nkhalambayo itsanzike kwa mkazi wake.

"Sofiya, njira ija usaileke kumera udzu."

"Ndamva, bambo a Yusufu."

Ali m'njira yopita ku Boma, a Abdulkarimu anafunsa kamodzi kokha. "Popanda mboni, mundawo ugulitsidwa?"

"Posachedwa ayi."

A Abdulkarimu anagwedeza mutu, napitiriza kuyenda.

M'mawa mwake a Sofiya anatenga tsache n'kusesa kuyambira pakhomo mpaka kumsewu, monga ankachitira tsiku lililonse chichokereni Yusufu. Kutali kunkabwera munthu wosenza mtolo. Anaimika tsache, nadikira mpaka nkhope inaoneka. Anali wogulitsa mchere. Anamupatsa moni, n'kuweramanso kusesa.