Nzeru za Tisungane pansi pa tiyi

Dzuwa litapendekera kuseri kwa mabulugamu, a Teleza anakhala pakhonde la nyumba yawo ya kumalayini a pa esiteti ya tiyi akuluka tsitsi mwana wawo Tisungane. Mtsikanayo anali ndi buku pamwendo, pakamwa pakutuluka mayina a mafupa a munthu, kuyambira kumutu mpaka kuchala chakuphazi, ngati akuimba kwaya. A Teleza sankatolapo liwu ndi limodzi lomwe, koma ankadzutsa mutu pafupipafupi kuti aone ngati oyandikana nawo akumva.

Kunyada kwawo kunali ndi pogwira, amene akutsutsa abereke wake tione. Mwana wa mayi wothyola tiyi, bambo ake anamwalira iye akukwawa, koma digiri ya sayansi anafika nayo pakhomo. Tsopano ankakonzekera mayeso olowera sukulu ya udokotala ku Blantyre, mayeso amene amalemba okhawo ali ndi digiri kale, malo ake owerengeka ndi zala. Pasikelo poyezetsa masamba, a Teleza ankauza amayi anzawo kuti ayambiretu kuwapatsa ulemu, chifukwa posachedwa azidzaima pamzere kuti Tisu awagwire pamkono. Tsiku la mayeso analilengeza okha, pa 18 Julaye, chinthu chimene munthu wobadwira ku Thyolo sachita ngakhale ataledzera.

Pajatu malayini amenewo anali ndi mbiri yake. Mwana wa a Douglas a kufakitale anasankhidwa kupita ku yunivesite. Sabata yonyamuka anangoti mutu, mutu, pofika naye kuchipatala cha pa Boma anali atazizira kale. Mtsikana wina wa folomu 4, woyamba m'kalasi chaka ndi chaka, analowa m'chipinda cha mayeso ali bwinobwino, n'kutulukamo akuseka yekha. Mpaka lero amatola mapepala pamsika. Anthu ankanong'onezana kuti alipo wina amene amakolola nzeru za ana a eni. Dzina sankatchula.

Ndiye zinayamba. Chisisira chikangogwa, padenga la a Teleza pankamveka kuyenda, osati kwa mphaka ayi, koma phazi lolemera, lopinda malata pamwamba penipeni pa tebulo la Tisungane. Kenako m'nyumba munkalowa fungo la tsitsi lopsa, pomwe mbaula inali itazima kalekale. M'mawa wina chipeso cha mtsikanayo chinapezeka panja pa chitseko chitayeretsedwa, osatsalamo ndi katsitsi kamodzi. A Gracious a nyumba yoyandikana anachiyang'ana n'kubwerera m'mbuyo.

"Amake Tisu, pakamwa panu paja. Mwana mwamuika pamsewu."

"Ndiye nditani?"

"Musafunse ine. Ine sindinaone kanthu."

Tisungane anangoseka. Anati malata akamazizira amalira, zifukwa zake n'kufotokoza m'Chingerezi. Mayi ake anavomera ndi mutu, koma Loweruka anakwera kabaza kupita kuseri kwa Khonjeni, kwa a Yesaya, bambo wa zitsamba. Pansonga ya chitenje anamangapo tsitsi lotsalira m'manja poluka, ndi tsamba limodzi limene anang'amba mobisa m'kope la mwanayo.

A Yesaya anakulunga tsitsilo m'pepala, analowetsa m'kansupa, anamata phula, n'kumanga ulusi wakuda mfundo zitatu. Anati atseka nkhokwe: chilichonse chimene mwana awerenge chizilowa, koma palibe chotuluka, wakuba azibwerera chimanjamanja. Kansupako akakwirire kutali ndi nyumba, asauze munthu, ndipo asapiteko kukazonda, kuopa kulondolera mfiti njira. Koma m'mawa wa mayeso, mwana asanagwire cholembera, akafukule n'kumasula mfundozo ndi manja awo omwewo.

Pobisa a Teleza sanavutike kuganiza. M'munda wa nambala 14 anathyolamo tiyi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo ankanena poyera kuti tsinde lililonse la mmenemo amalidziwa nkhope. Anasankha lina chapakatikati, anakwirira kansupa kumizu, n'kumanga kansanza kofiira m'nthambi.

Phazi lija linaleka kuyenda padenga. Fungo linatha. Tisungane nayenso analeka kutchula mafupa mokweza. Ankangowerenga duu, tsamba ndi tsamba, ukamufunsa n'kuyankha kuti zikulowa bwino. A Teleza mtima unakhala pansi, pasikelo anayambiranso kuseka anzawo. Litatsala tsiku limodzi, mtsikanayo anagwada pakhomo kutsanzika, nanyamuka kukagona kwa azakhali ake ku Limbe.

Tsiku la mayeso kunacha ndi chiperoni. A Teleza anadzuka anthu asanatsegule zitseko, anatsetsereka njira ya kudambo, anakwera kamtunda. Atafika pa nambala 14 anaima, munda osauzindikira.

Masabata onsewo gulu lawo linkathyola kutsidya kwa mtsinje, ndipo iwo, pomvera lamulo la a Yesaya, sanaponyeko ngakhale diso. Koma Julaye ndi mwezi wodulira tiyi. Mwana aliyense wa pa esiteti amadziwa zimenezo, ndipo iwo amene ankati munda amaudziwa nkhope ndiwo anaiwala kuti chaka chimenecho chinali cha nambala 14. Odulira anali atadutsa ndi mipeni yawo. Munda wonse unametedwa mpaka m'mawondo, zitsa zikwizikwi zofanana ngati mazira, nthambi zodulidwa zitayalidwa pansi m'mizere yonse, zitayamba kale kuda.

Anayamba kukumba ndi manja. Tsinde ili, palibe. Linalo, palibe. Anatembenuza nthambi kufunafuna kansanza, zikhadabo zinathyoka, dothi lofiira linasakanikirana ndi magazi. Kapitawo, a Blackson, anawapeza akukwawa m'nkhungu, nawafunsa chimene ataya. A Teleza anati kiyi. Akanati chiyani? Mayi wofukula nsupa ya tsitsi la munthu m'bandakucha, kumalayini kumene mwana wa a Douglas anafa imfa ija, dzuwa silikanalowa nyumba yake isanayake. Anangofunsa nthawi.

"Yakwana naini, mayi."

Ku Blantyre, woyang'anira mayeso anati atembenuze mapepala. Funso loyamba linali la mitsempha ya mtima. Tisungane anamwetulira, chifukwa yankho ankaliona lonse, ndi tsamba lomwe la buku limene analiwerengapo. Anaika cholembera papepala. Dzanja silinayende. Anapita pa funso lachiwiri, lachitatu. Onse ankawadziwa, mayankho ali mbwee m'mutu ngati anthu opanikizana kuseri kwa chitseko chokhoma. Anzake ankatembenuza masamba, ena kupempha mapepala owonjezera. Maola atatu anatha. Pepala lake analitenga lopanda ngakhale dzina.

Azakhali ake ndiwo anabwera naye, atamugwira dzanja ngati mwana wa mkaka. Mawu anali atatsala ochepa. Atawaona mayi ake pakhomo anagwada, nati, "Pepani amayi. Ndakuchititsani manyazi." Amenewo ndiwo anali omaliza.

Malayini onse anabwera kudzapepesa. Amayi omwe aja ankasekedwa pasikelo anakhala pamphasa akulira, akufunsana kuti ndani wouma mtima chotere, wochita izi kwa mwana wamasiye. A Teleza ankalira nawo. Anabwerera ku Khonjeni, a Yesaya anangoti mfundo imamasulidwa ndi amene waigwira m'manja, iwo alibe chochita. Madokotala a pa Boma anamupima mtsikanayo, sanapeze nthenda.

Tsiku lililonse akaweruka, a Teleza ankapita kukakumba. Pa tsiku lachisanu ndi chinayi anaona kansanza kofiira pa nthambi youma, ndipo pafupi pake tsinde lawo lija. Kumizu kunali dzenje lokumbidwa kale, lokumbidwa bwino, mosathamanga. Munalibe kanthu, koma fungo la tsitsi lopsa.

Madzulo omwewo amayi obwera kotunga madzi anataya ndowa n'kuthawa. M'munda wa nambala 14, mmene munthu sangabisale poti zitsa n'zofika m'mawondo, munkamveka mawu a mtsikana akutchula mafupa, kuyambira kumutu mpaka kuphazi, osaphonya. Mawa lake anamvekanso, atasendera kumtunda pang'ono. Mkuja wake anasenderanso, ngati wina akuyenda nawo pang'onopang'ono. Mwini mawu anali atakhala pakhonde, manja pamwendo, akuyang'ana nkhungu.

Pamene mawuwo anayamba kumveka patali kwambiri, a Teleza anakhala pansi pamaso pa mwana wawo, namugwira mapazi. Anaulula zonse: tsitsi, tsamba la m'kope, mfundo zitatu, kansanza, ndi mwezi umene anauiwala.

"Sanakutseke munthu wina, Tisu. Ndine. Ndituke mwanawe, ngakhale undimenye. Tangonena kanthu."

Tisungane anawayang'ana. M'maso mwake munkaoneka kuti zonse zalowa, liwu ndi liwu. Milomo sinagwedezeke, msozi sunatuluke.

Kumtunda, kuseri kwa nkhungu, mawu aja analekeza pakati pa dzina la fupa. Kenako, kutali kwambiri, mwana wa a Teleza anayamba kulira.